Nyimbo ya kwaya ndi okestra pa matchanelo asanu a NES: ndisiye ziti, ndisunge ziti?

Chikondi (Area 25):
Moni nonse. Ndabwera ndi vuto limene landidyera milungu itatu, ndipo ndikupempha inu amene mukudziwa za nyimbo kuposa ine kuti mundiunikire. Ndikukonza nyimbo ya Baba Yetu, imene Christopher Tin analembera gemu ya Civilization IV mu 2005, kuti izimveka ngati yochokera mu TV game zija tinkalumikiza ku wailesi ya kanema tili ana, za makatiriji achikasu zija. Ndikugwiritsa ntchito FamiStudio, pulogalamu yolembera nyimbo za makina amenewa, pa foni, chifukwa laputopu yanga imazima nthawi yomweyo magetsi akathima. Monga ena mukudziwa, kachipangizo ka mawu ka NES (makina a TV game a kampani ya Nintendo), kotchedwa 2A03, kali ndi matchanelo asanu okha: awiri a pulse oimbira chuni, imodzi ya triangle imene kawirikawiri imaimba besi, imodzi ya noise yotulutsa phokoso lopanda chuni, ndi imodzi ya DPCM yoliza timawu tojambulidwa kale. Tchanelo iliyonse imaliza noti imodzi basi pa nthawi imodzi, pamene nyimboyi ili ndi wotsogolera, kwaya yathunthu, mavayolini, malipenga ndi ng'oma. Ndayesetsa kulowetsamo zonse, ndipo zimene zatuluka zikumveka ngati nkhululu zolira m'dimba mvula itakata. Fayilo ndayiika m'munsimu. Kodi ndalakwitsa pati?

Mphatso (Biwi):
Achimwene, ndamvetsera, ndipo ndikuona kuti mukudzizunza popanda chifukwa. Pezani fayilo ya MIDI ya nyimboyi, yosunga manoti a chida chilichonse, muitsegule mu pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, kenako chida chilichonse muchipatse mawu a Magical 8bit Plug, imene imatsanzira kulira kwa magemu akale. Mukhala ndi matchanelo ochuluka mmene mukufunira, ndipo ntchito ithera madzulo amodzi. Amene adzamvetsere pa WhatsApp sadzawerenga kuti matchanelo ndi angati.

Tadala (Area 47):
A Mphatso, sadzawerengadi, koma khutu lawo lidzadziwa. Njira imene mwanenayo ndi yofanana ndi imene anthu ankachita ndi pulogalamu ya GXSCC, ndipo zotuluka zake zimadziwikira kutali: manoti khumi a mawu onga a pulse akulira pamodzi pa voliyumu imodzi, popanda chotsogola ndi chotsatira. Okestra imakoma ndi zida zambiri chifukwa chida chilichonse chili ndi mtundu wake wa mawu, moti vayolini ndi lipenga zikaliza noti imodzi sizisokonezana. Mukazipatsa zonse mawu ofanana, zimakhala phala. Sindikunena kuti kupanga nyimbo mu FL Studio ndi tchimo, koma kumeneko ndi kusintha zovala za nyimbo, pomwe a Chikondi afunsa za kuyikonza mwatsopano.

Za fayilo yanu, a Chikondi, vuto loyamba ndi arpeggio, kuja koliza manoti a chord (manoti oyenera kulira pamodzi) motsatizana mofulumira. Mwaiika pa matchanelo onse awiri a pulse kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Arpeggio imasintha noti pa fulemu iliyonse, ndipo NES imayenda mafulemu 60 pa sekondi, kutanthauza kuti imasintha chithunzi maulendo 60, choncho chord ya manoti atatu imazungulira maulendo 20 pa sekondi imodzi. Ikakhala pa tchanelo imodzi, motsitsa, khutu limanyengeka n'kumva ngati manoti atatuwo akulira pamodzi. Ikakhala pa matchanelo awiri mokweza, ndiye nkhululu zanu zija. Chuni cha nyimbo ndachifunafuna m'menemo koma ndachipeza movutikira kwambiri.

Bambo Mbewe (Kawale):
Ine za makompyuta sindizidziwa, ndipo anandilowetsa pa gulu lino ndi mdzukulu wanga. Koma ndaphunzitsa kwaya kwa zaka zambiri, ndipo vuto lanu, a Chikondi, ndalizindikira chifukwa ndimakumana nalo Lachitatu lililonse. Pamapepala nyimbo imakhala ndi mawu anayi, sopulano, aluto, tenala ndi besi, koma mvula ikagwa amabwera anthu asanu, ndipo mwina mwa iwo mulibe waluto ndi mmodzi yemwe. Sitibwerera kunyumba ayi. Timayamba ndi kufunsa kuti nyimboyi ili pati, ndiye kuti ndi mzere uti umene ukachoka nyimbo yafa. Kawirikawiri ndi wa pamwamba ndi wa pansi. Za pakati timadzaza ndi munthu mmodzi amene amadumphadumpha, apa aimbe za aluto, apo za tenala, malinga ndi pamene pali noti imene ikupatsa chord mtundu wake.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Tsekani foniyo, mutuluke panja, muimbe nyimbo yonse pakamwa panu kuyambira poyamba mpaka pothera, osamvetsera. Zimene pakamwa panu patulutse ndizo nyimbo imene ili m'mutu mwanu, ndipo ndizo zimene anthu adzayembekezere kumva. Mudzadabwa kuona kuti pena mwaimba za wotsogolera, pena mwalumphira kwa kwaya, pena mwang'ung'udza za mavayolini. Mzere wosakanizawo ulembeni mu solofa, ndipo ukhale wa tchanelo yanu yoyamba. Panopa mukufuna zonse nthawi imodzi, ndipo akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chikondi (Area 25):
Zikomo kwambiri, bambo. Ndayesa zimene mwanena, ngakhale kuti anansi andiyang'ana modabwa. Zoonadi, sindinaimbe mzere umodzi wa chida chimodzi. Koma ndikufunsebe: pamene wotsogolera ndi kwaya akuyankhizana, womvera adzadziwa bwanji kuti awa ndi anthu osiyana, poti onse akutuluka pa tchanelo imodzi?

Tadala (Area 47):
Pamenepo ndi pamene duty cycle, makonzedwe a funde la pulse amene amasintha mtundu wa mawu ake, imagwira ntchito. Tchanelo ya pulse ya 2A03 ili ndi makonzedwe anayi, 12.5%, 25%, 50% ndi 75%, koma m'khutu 75% imamveka chimodzimodzi ndi 25%, choncho kwenikweni muli ndi mitundu itatu ya mawu. Wa 50% ndi wodzaza ndi wofewa ngati chitoliro, wa 25% ndi wowala, ndipo wa 12.5% ndi wowonda, wotulukira m'mphuno. Ine ndikanapatsa wotsogolera 25% ndi vibrato yochedwa kuyamba, chifukwa woimba weniweni sayamba kunjenjemeretsa mawu pa chiyambi cha noti, amayamba atakhazikika. Kwaya ndikanaipatsa 50% pa matchanelo onse awiri, wina akuimba chuni, wina akutsatira pansi pake monga mmene bambo Mbewe afotokozera za munthu wodumphadumpha uja. Motero kusiyana kudzamveka pawiri: mtundu wa mawu wasintha, komanso munthu mmodzi wasanduka awiri.

Ndipo pamene wotsogolera ali yekha, tchanelo yachiwiri musaisiye chabe. Koperani manoti omwewo, muwachedwetse pang'ono, muwatsitse voliyumu mpaka pa 3 kapena 4, poti yapamwamba kwambiri ndi 15. Zimenezi zimapereka mawu obwerera ngati a m'tchalitchi chachikulu chopanda siling'i. Olemba nyimbo za Famicom, yomwe ndi NES ya ku Japan, ankachita zimenezi kawirikawiri, chifukwa kachipangizoko kalibe njira yakeyake yopangira mawu obwerera (reverb) ngakhale pang'ono.

Yamikani (Likuni):
Ndikufuna kuthirira ndemanga pa mawu a bambo Mbewe, chifukwa mbiri ya nyimbo za m'magemu ikuwavomereza. Koichi Sugiyama, amene analemba nyimbo za Dragon Quest mu 1986, anali kale katswiri wolembera okestra, ndipo anakakamizika kulemba ndi mawu atatu okha pa Famicom. Chaka chotsatira, mu 1987, nyimbo zomwezo zinaimbidwa pa konsati ku Suntory Hall ku Tokyo. Zinatheka kukulitsidwa chifukwa mafupa ake anali olimba kale. Inu, a Chikondi, mukuyenda ulendo womwewo chobwerera: mukuchotsa mnofu kuti muone ngati mafupa angaime okha.

Palinso nkhani ya liwiro imene mwina simunaiganizire. Makina amene tinkasewera kuno sanali NES yeniyeni koma otengera, ndipo ankayenda pa mawailesi a kanema a PAL, mafulemu 50 pa sekondi m'malo mwa 60. Magemu ambiri anali olembedwera 60, motero nyimbo zake tinkazimva zikuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene anzathu a ku Japan ndi ku America ankazimvera. Ine nditamva nyimbo za Super Mario Bros. pa liwiro lake lenileni ndili wamkulu, ndinaganiza kuti wina wazithamangitsa. Ngati cholinga chanu ndi kukumbutsa anthu a ku Mchesi ndi ku Chinsapo za ubwana wawo, mwina PAL ndiyo yoona kwa ife.

Mphatso (Biwi):
Chabwino, ndavomera kuti MIDI ija ndi ulesi. Koma ngati nkhani ndi yotsata makina enieni, bwanji osawonjezera VRC6? Konami inaika kachipangizo kameneka mu katiriji ya Castlevania III ya ku Japan mu 1989, ndipo kamawonjezera matchanelo awiri a pulse ndi imodzi ya sawtooth. FamiStudio ili nako. Sawtooth imeneyo ingagwire ntchito ya malipenga ndi mavayolini bwino lomwe, ndipo kwaya ingakhale ndi mawu ake anayi athunthu. Palibe anganene kuti mwabera.

Tadala (Area 47):
Palibe anganenedi, ndipo VRC6 ndimaikonda. Komabe ndikanalangiza kuti a Chikondi amalize kaye ndi matchanelo asanu. Munthu amene akulephera kusankha pakati pa zida ali ndi mawu atatu, akapatsidwa asanu ndi limodzi adzangodzaza onse, ndipo nkhululu zidzachuluka. Akamaliza, n'kuona kuti pali malo amodzi kapena awiri amene akulira chifukwa chosowa mzere, pamenepo atsegule VRC6 akudziwa chimene akukafuna.

Mphatso (Biwi):
Apo sitigwirizana, achemwali. Nyimboyi mphamvu yake ili pa kukula. Imayamba ndi ochepa n'kumafufuma mpaka kwaya yonse ndi okestra zikusefukira. Pulse ili ndi magawo 16 okha a voliyumu, kuyambira 0 mpaka 15, ndipo triangle ilibe voliyumu n'komwe, imangoyaka kapena kuzima. Mudzakulitsa ndi chiyani? Pofika pachimake mudzapeza kuti zonse munazigwiritsa kale ntchito.

Bambo Mbewe (Kawale):
A Mphatso afunsa funso labwino kwambiri, ndipo ndi funso la mphunzitsi wa kwaya aliyense. Kwaya yaing'ono singapose mphamvu ya mapapo ake. Chimene timachita ndi kuumira poyamba. Ndime yoyamba aimbe amayi okha, motsitsa, abesi atakhala chete. Abesi akalowa pa ndime yachiwiri, mpingo umamva ngati pansi pagwedezeka, ngakhale ali amuna awiri okha, chifukwa khutu linali litaiwala kuti kuli mawu a pansi. Kukula sikuchokera pa kukuwa kokha ayi. Kumachokeranso pa kutalikirana kwa mawu: poyamba onse ali pafupi, pachimake sopulano wakwera, besi watsika, pakati patseguka. Kumachokeranso pa kufulumira kwa manoti a wothandizira, amene poyamba ankagwira noti imodzi kwa nthawi yaitali koma tsopano akuthamanga.

Za arpeggio imene mukunenayi, ngati ndamva bwino, ikundikumbutsa mangolongondo amene ndinaona akuimbidwa ku Machinga. Anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata imene mnzake wasiya, ndipo iwe woimirira pambali umamva nyimbo yothamanga imene palibe mmodzi wa iwo akuiimba yekha. Ngati makina anu angachite zotero, musungire pachimake chinyengo chimenecho. Musachiwononge pa mzere woyamba.

Mayi Nabanda (Chilinde):
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, koma pali mbali imene palibe waikhudza. Baba Yetu ndi Pemphero la Ambuye m'Chiswahili, lomwe lija timati Atate wathu wa Kumwamba. Mawu akachoka n'kutsala kulira kwa makina a masewera, kodi chatsala n'chiyani? Sindikuletsa, koma ndikufunsa ngati a Chikondi aganizirapo, chifukwa ena akamva adzati mukuseweretsa pemphero.

Chachiwiri ndi umwini. Christopher Tin ali moyo, ndipo nyimboyi si yachikhalidwe yoti aliyense angatole. Inapata mphoto ya Grammy mu 2011, yoyamba kuperekedwa kwa nyimbo yolembedwera gemu, itajambulidwanso ndi Soweto Gospel Choir mu chimbale cha Calling All Dawns. Kuno kwathu tili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo COSOMA, bungwe loona za umwini umenewu, ili konkuno ku Lilongwe. Kukonzanso nyimbo ya munthu sikuchotsa umwini wake, ngakhale noti iliyonse mutailemba ndi dzanja lanu. Kutumizirana pa gulu lino pophunzira ndi nkhani ina, koma mukafuna kuigulitsa kapena kuiika pa YouTube kuti izibweretsa ndalama, funsani kaye.

Yamikani (Likuni):
Mayi anena zoona pa za umwini, ndipo ngakhale akuluakulu a ntchitoyi zinawagwerapo. Popanga The Legend of Zelda ya 1986, a Nintendo ankafuna kutsegulira gemuyo ndi Boléro ya Maurice Ravel, koma anazindikira mochedwa kuti umwini wake unali usanathe, ndipo Koji Kondo anachita kukonza nyimbo yotsegulira ina mwachangu.

Chikondi (Area 25):
Mayi, funso lanu loyamba landikhalitsa chete kwa kanthawi. Sindikufuna kuseka pemphero, ndipo n'chifukwa chake sindinaikemo timaphokoso ta kulumpha ndi kutola makobidi timene ena amaika m'nyimbo zotere pofuna kuseketsa. Ndinaganizapo zojambula mawu anga n'kuwaika pa DPCM kuti mawu a pempherolo amveke ndithu. Kodi zingatheke? Za kugulitsa ndilibe nazo cholinga, koma ndamva, ndipo dzina la mwini nyimbo lidzakhala patsogolo.

Tadala (Area 47):
Zingatheke koma simudzakondwa nazo. Sampulo imodzi ya DPCM, ndiye kuti kachidutswa ka mawu ojambulidwa, siposa mabayiti 4,081, ndipo pa liwiro lapamwamba kwambiri imeneyo ndi pafupifupi sekondi imodzi yokha. Mawu ake amatuluka okhakhala, ngati a wailesi imene yatsala pang'ono kutha mabatire. Pemphero lotuluka motero ndilo lingamveke ngati chipongwe. Ine ndikuona kuti ulemu uli pa kusunga kapumidwe ka mawuwo. Noti iliyonse ya wotsogolera ikhale ndi utali wa silabo yake, ndipo pamene woimba amapuma, tchanelo nayonso ikhale chete. Wodziwa nyimboyi adzaimba mawuwo mumtima, ndipo sadzapunthwa.

DPCM isungireni ng'oma. Noise yokha imapereka chisekese chabwino ndi kuwomba m'manja, koma ilibe mimba ya ng'oma yachikopa. Ena amapanga kugunda pogwetsa noti ya triangle mofulumira kuchokera pamwamba, koma zimenezo zimabera besi nthawi yake, ndipo m'nyimbo iyi besi ndi ng'oma zikufunika zonse.

Mayi Nabanda (Chilinde):
Yankho la kapumidwe landikhutiritsa pang'ono. Ndidzaweruza ndikamva.

Chikondi (Area 25):
Pepani kuti ndinasowa masiku anayi. Nayi fayilo yachiwiri. Ndatsata malangizo a bambo Mbewe: triangle ili chete mpaka kwaya italowa, arpeggio ikubwera pachimake pokha ndipo ili pa tchanelo yachiwiri, motsitsa. Wotsogolera ali pa 25% ndi mawu obwerera. Mizere iwiri ya mavayolini imene ndinkaikonda kwambiri ndaitaya, ndipo zinandipweteka, koma nditamvetsera m'mawa mwake sindinaisowe. Ndasiya pa mafulemu 60, a Yamikani, chifukwa nditayesa PAL ndinaona kuti arpeggio yayamba kumveka ngati manoti osiyana m'malo mwa chord imodzi. VRC6 sindinatsegule.

Mphatso (Biwi):
Ndamvetsera kawiri, koyamba pa mahedifoni, kachiwiri pa sipika ya foni. Pa mahedifoni, pamene triangle ikulowa tsitsi linandiimirira, ndipo ndikuvomera kuti bambo Mbewe anandigonjetsa pa mfundo imeneyo. Pa sipika ya foni, besi kulibiretu. Mwaiika pansi kwambiri, ndipo triangle ndi mawu osalala amene tisipika ting'onoting'ono sitingawatulutse akatsika. Anthu athu ambiri adzamvera pa foni, mu minibasi kapena pa khonde. Ikwezeni ndi octave imodzi, makamaka polowa paja. Taganizirani babatoni, gitala ya besi yopanga pamanja, wa Madalitso Band: chingwe n'chimodzi, koma chimamveka pakati pa phokoso la mumsewu chifukwa kugunda kwake kuli ndi mutu. Mungathe kuyamba noti iliyonse ya besi ndi kakugunda kakafupi ka noise kuti khutu lidziwe pamene yayambira.

Ndikuumirirabe kuti pachimake pakusowa lipenga, ndipo sawtooth ikanathetsa nkhaniyi. Koma nyimbo ndi yanu.

Tadala (Area 47):
Za besi ndikugwirizana ndi a Mphatso kotheratu. Za lipenga, yesani kaye izi musanatsegule VRC6: noti iyambe pa 12.5% kwa mafulemu awiri, kenako ipite pa 25%, voliyumu ikuyamba pamwamba n'kutsika pang'ono. Kusintha kofulumirako kumafanana ndi kuphulika kwa milomo ya woliza lipenga. Chinanso, cha pakati pa nyimbo matchanelo awiri a pulse akuliza noti yofanana ndendende kwa kanthawi, ndipo mawu akuchita ngati akuzimirira, chifukwa mafunde awiri ofanana amatha kufafanizana. Sunthani kukwera kwa mawu a imodzi pang'ono kwambiri ndi fine pitch, ndipo zidzamveka ngati anthu awiri oimba pamodzi amene mawu awo salingana ndendende.

Mayi Nabanda (Chilinde):
Ndamvetsera, ndipo ndinapezeka ndikuimba nawo mawu ake mpaka cha kumapeto, pamene noti ina yatalika kuposa mpweya wa munthu ndipo ndinatsamwa. Pamenepo pokha pakonzedwe. Kwina konse sindinamve chipongwe.

Bambo Mbewe (Kawale):
Mayi Nabanda anditsogolera, chifukwa noti imeneyo nanenso ndinaiona. Makina satopa, koma womvera amapuma pamodzi ndi woimba, choncho muidule ndipo musiye kampata. Ndilinso ndi dandaulo pa tchanelo yachiwiri pamene kwaya ikuyankha koyamba: yatsatira chuni mtunda wofanana njira yonse, kukwera pamodzi, kutsika pamodzi, mpaka pa malo awiri yagunda noti imene ikulimbana ndi besi. Pamene chuni chikukwera, nthawi zina wachiwiri aime pa noti yake, kapena atsike. Ndalemba mu solofa mmene ndikanachitira, ndipo mdzukulu wanga ajambula pepalalo n'kutumiza pano usiku uno.

Ng'oma imene mwaika pa DPCM ndi ya m'makina, ndipo ikumveka ngati chitseko cha galimoto. Ku tchalitchi kwathu tili ndi ng'oma yachikopa imene timaiwamba pamoto tisanaimbe. Ngati sekondi imodzi ikukwanira, bwerani mudzajambule imeneyo.

Chikondi (Area 25):
Ikukwanira ndi kutsala, bambo, chifukwa kugunda kumodzi sikufika ngakhale theka la sekondi. Ndingafune mitundu itatu: kumenya pakati, kumenya m'mphepete, ndi kumenya kogwira chikopa ndi dzanja linalo. Kodi Loweruka ndingakupezeni nthawi yanji?

Bambo Mbewe (Kawale):
Kwaya imayamba 2 koloko masana, choncho mufike 1 koloko ana asanadzaze bwalo ndi phokoso. Mukatsika minibasi mundiimbire, mdzukulu wanga adzakuchingamirani.

Tadala (Area 47):
Pojambula, foni isayandikire kwambiri chikopa kuti mawu asaphwanyike, ndipo mujambulire panja kapena m'chipinda chaching'ono, osati m'tchalitchi momwe, chifukwa mawu obwerera a m'nyumba yaikulu DPCM imawasandutsa mkokomo. Mukadula sampulo, muyambire pa kugunda penipeni, osasiya kampata kutsogolo, apo ayi ng'oma izidzachedwa pa noti iliyonse. A Mphatso, ngati muli ndi maikolofoni yabwino, mwina mungawaperekeze.

Mphatso (Biwi):
Ndili nayo, ndipo Biwi ndi Kawale m'pafupi. Ndidzabweranso ndi laputopu yanga kuti a Chikondi adzamve pachimake paja ndi sawtooth, kamodzi kokha, asanakane.